Zikomo nonse, pulogalamu ya banki m'khonde yasiya kuzima

Abale ndi anzanga, pulojekiti yanga yomalizira maphunziro a zamakompyuta yavomerezedwa, ndipo pulogalamu ya pafoni yomwe ndinapangira magulu a banki m'khonde tsopano ikugwira ntchito osazima. Ndafuna ndithokoze poyera amene munandigwira dzanja, chifukwa panali nthawi yomwe ndinkaona kuti chaka chonse chalowa m'madzi.

Pulogalamuyi ndinailemba mu Java, ya foni za Android. Mlembi wa gulu amalembamo masheya ndi ngongole za membala aliyense, n'kujambula tsamba la m'buku kuti pakhale umboni. Pa laputopu zonse zinkayenda bwinobwino. Koma pa foni zotchipa za RAM ya 1 GB, zomwe amayi ambiri ali nazo, mlembi akajambula masamba angapo, foni akuitembenuza uku ndi uku, pulogalamu inkangotsekeka ndi uthenga womwewo: OutOfMemoryError, kutanthauza kuti memory, malo omwe pulogalamu imasungamo zinthu ikamagwira ntchito, yadzaza. Tsiku lina zinachitika msonkhano uli mkati, ndalama zili pamphasa, amayi akudikira kumva kuti aliyense waponya zingati. Mlembi anangoika foni pambali n'kutola bolopeni. Zinandiwawa kwambiri.

Aphunzitsi anga amene mumayang'anira pulojekitiyi, zikomo. Simunathamangire kundipatsa yankho. Munatenga pepala n'kujambula timabokosi ndi mivi, n'kundionetsa mmene garbage collector imagwirira ntchito. Iyo imabweza memory ya ma object (zinthu zomwe pulogalamu imapanga ikamayenda) omwe atha ntchito, koma sidziwa zomwe zili mumtima mwa wolemba pulogalamu. Imayambira pa ma GC root, zinthu zomwe imadziwa kuti zikadali pa ntchito, monga ma static field ndi ma thread omwe akuyenda, n'kumatsata reference iliyonse, chingwe cholumikiza object ndi inzake. Chomwe yachifikira imachisiya, chomwe sinachifikire imachichotsa. Munati wosesa pamsika satola thumba lomwe wina waligwira chingwe, ngakhale mkatimo muli zinyalala zokhazokha. Munandiuzanso kuti nzeruyi si yadzulo, John McCarthy anaiyambitsa cha m'ma 1959 pa chilankhulo cha Lisp. Kuyambira tsiku limenelo funso langa linasintha, ndinayamba kufunsa kuti kodi wagwira object iyi ndani.

Achimwene anga a ku Johannesburg, inu mumaweruka mochedwa koma munkakhalabe nane pa WhatsApp mpaka usiku. Ndinu munandiuza za LeakCanary, chida cha kampani ya Square chosakira zinthu zotsalira mu memory. Kagwiridwe kake ndi kosangalatsa. Activity, yomwe ndi sikirini imodzi ya pulogalamu, ikatsekedwa, LeakCanary imaigwira ndi WeakReference, reference yomwe siletsa collector kuchotsa chinthu. Imadikira masekondi 5, n'kuitana collector. Ikapeza kuti Activity ija ikadalipo, imadziwa kuti pali wina waigwira mwamphamvu, ndipo imatenga heap dump, kaundula wa zonse zomwe zili mu memory, n'kukuonetsa unyolo wonse wa omwe aigwira. Unyolo wathu unali waufupi. Gawo lotumiza marekodi pa intaneti linali ndi mndandanda wa static wosunga ma listener, ma object odikira kuuzidwa marekodi akatumizidwa, ndipo Activity iliyonse inkalembetsa pamenepo. Foni ikatembenuzidwa, Android imatseka Activity n'kupanga ina, koma yakale ija inkatsala pamndandandawo pamodzi ndi zithunzi zake zonse. Kutembenuza kulikonse kunkasiya katundu mu memory.

Chimene ndikuthokozerani kwambiri, achimwene, ndi chenjezo lanu lakuti WeakReference si mankhwala a matenda onse. Munati listener azichotsedwa pamndandanda Activity ikamatsekedwa, chifukwa amene analembetsa ndiye ayenera kufufuta dzina lake. Ndikugwirizana nanu. Ma reference ofooka akamwazidwa paliponse, chinthu chimatha kusowa pa nthawi yomwe ukuchifuna, get(), yomwe umachiitanira, n'kukubwezera null, kutanthauza kuti palibe kanthu, ndipo vuto lotero ndi lovuta kulisaka kuposa loyamba lija.

Anzanga a m'kalasi, kumbukirani mkangano wathu wa zithunzi. Ena munkati tizisunge ndi SoftReference, mtundu wina wa reference yofooka, poti Java imalonjeza kuchotsa zonse zogwiridwa motero isanaponye OutOfMemoryError. Mmodzi wa inu anatiwerengera malangizo a Android akuti kuyambira pa Android 2.3 collector imafulumira kuchotsa ma reference amenewa, choncho sathandiza kwenikweni posunga zithunzi. Tinasankha LruCache, nkhokwe ya zithunzi yomwe umaiikira malire ndipo ikadzaza imataya chithunzi chomwe chakhalitsa osagwiritsidwa ntchito. Mkangano umenewo unandipulumutsanso pa tsiku loteteza pulojekiti. Atandifunsa za PhantomReference, ndinayankha mosajejema kuti get() yake imabweza null nthawi zonse, ndipo ntchito yake ndi kukudziwitsa kudzera mu ReferenceQueue kuti object yatha, uyeretse zotsala. Ndinawonjezera kuti WeakReference, SoftReference ndi PhantomReference zinalowa mu Java 1.2 mu 1998, komanso kuti Java 9 mu 2017 inabweretsa Cleaner, njira yatsopano yoyeretsera zotsalazo, pomwe njira yakale ya finalize() anayamba kulangiza kuti isamagwiritsidwe ntchito. Zonsezi tinaziwerenga limodzi magetsi atazima, tikuunikirana ndi tochi ya foni.

Achemwali, munandibwereka laputopu yanu yakuntchito chifukwa yanga inkalephera kunyamula Android Studio, pulogalamu yolembera mapulogalamu a Android. Mulungu akudalitseni. Amayi ndi abambo, fizi simunaidandaule ngakhale chaka chomwe chimanga sichinachite bwino.

Ndipo inu amayi a gulu, makamaka amlembi, munali ndi chifukwa chokwanira chobwerera ku buku n'kundiiwala. Koma sabata yotsatira munandiitananso, n'kundipatsa foni yanu yomweyo kuti ndiyeserepo. Pa msonkhano wapitawu munajambula masamba onse, foni mukuitembenuza mmene mufunira, ndipo pulogalamu sinazime mpaka munatseka bokosi la ndalama. Zikomo kwambiri.

Achaka chachitatu amene mukuyamba mapulojekiti a Android, ngati pulogalamu yanu ikutsekeka pa foni zazing'ono, ndilembereni. Loweruka lililonse masana ndimakhala ndi mpata, tidzatsegula heap dump yanu limodzi.