Mlendo amafika ku Chongoni ataphunzira kale pa foni

Loweruka lapitali ndinaperekeza alendo ochokera ku Lilongwe kukaona zojambula zamakedzana ku Mphunzi, m'dera la Chongoni kuno ku Dedza. Ndinakhudzidwa mtima nditamva mtsikana wina akuletsa mnzake kugwira thanthwe, ponena kuti anaona pa Facebook kuti thukuta la m'manja limafufutitsa utoto. Palibe woperekeza alendo amene anamuuza zimenezi, iye anachoka nazo kwawo.

Dera la Chongoni lili ndi malo 127 a zojambulazi, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, ndipo bungwe la UNESCO linaliika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Komabe pambali pa chithunzi china ndinapeza dzina lolembedwa ndi khala, pansi pake pali botolo lapulasitiki.

Ndikupempha atolankhani, mawayilesi ndi nonse amene mumaika zithunzi pa intaneti kuti musamaonetse munthu atatsamira zojambulazi, chifukwa wobwera mawa adzafuna kujambulitsa chimodzimodzi. Muzionetsanso alendo akutola zinyalala zawo n'kutsika nazo m'phiri.