Mbalame nazo zimadwala malungo: zomwe ndinaona ku Likhubula

Za minibasi yochokera ku Limbe musandifunse, mukudziwa kale mmene amatipanikizira. Pa Chitakale wanjinga yamoto ananditchaja K5,000 mpaka ku Likhubula, tinakanganapo mpaka anatsitsako pang'ono. Muzinenerera, akaona chikwama kumsana amayesa ndinu bwana.

Cholinga chinali kukasamba pa Dziwe la Nkhalamba basi. Koma tisanafike, madala amene ankandiperekeza anaima n'kuloza ukonde wopyapyala womangidwa pakati pa mitengo, woti utapanda kuyang'anitsitsa ukhoza kulowamo ndi mutu. Pambali pake panakhala atsikana awiri ophunzira za zinyama, timatumba tansalu tikugwedezeka panthambi. Mmodzi anatulutsamo kambalame, mutu wake uli pakati pa zala ziwiri, n'kutambasula phiko. Anauzira nthenga kuti mtsempha uoneke, anabaya ndi kasingano, kadontho kamagazi kanatuluka. Anakapaka pakagalasi, kukakoka ndi kagalasi kena mpaka kutsala kamzere kofiirira. Kambalame anakagwira ndi thonje pang'ono, kenaka pululu, kanapita.

"Asisi, mukufunamo chiyani m'magazi a kanthu kotere?" anafunsa madala aja.

"Malungo, agogo."

Madala anaseka mpaka kukhala pamwala. Koma nkhaniyi ndi yoona. Mbalame zili ndi Plasmodium wakewake, kachilombo koyambitsa malungo, wofalitsidwa ndi udzudzu, makamaka wa mtundu wa Culex. Palinso abale ake awiri: Haemoproteus amene amayenda ndi tintchentche toluma tating'onoting'ono, ndi Leucocytozoon wa ntchentche zakuda zoswanirana m'madzi othamanga. Ngakhale dokotala wa ku Britain Ronald Ross, potsimikiza mu 1898 ku Calcutta m'dziko la India kuti udzudzu ndiwo umafalitsa malungo, anagwiritsa ntchito mbalame, osati anthu. Ineyo kusukulu zimenezi sanandiuzepo.

Madala funso lawo linali limodzi: nanga mpheta zokazinga zija, tisiye? Anawatsimikizira kuti tizilombo ta mbalame timeneti sitidwalitsa munthu.

Chinandigwira mtima n'chakuti mbalame zathu zambiri zimayenda nato tizilomboti osaoneka kudwala, poti zinakulira limodzi ndi udzudzu kuyambira kalekale. Tsoka lili kwa zomwe sizinauzolowere. Mbalame za kunyanja ya mchere, zoswanirana pa zilumba za mphepo kumene udzudzu ndi wosowa, kawirikawiri magazi ake amapezeka oyera. Koma mapengwini (mbalame za m'nyanja zosauluka) a ku South Africa akawabweretsa kumtunda kuti awasamalire, monga amachitira a bungwe la SANCCOB ku Cape Town, malungo amatha kuwapha msanga, moti amawateteza ndi mankhwala komanso maukonde. Ku Hawaii udzudzu unafika ndi zombo cha m'ma 1826, ndipo matenda omwe unkafalitsa anathandizira kuti mitundu yambiri ya mbalame za kumeneko ithe. Zotsala zinathawira kumapiri kozizira. Tsopano kukutentha, udzudzu ukukwera kuzitsatira. Ndinayang'ana kumtunda, kunjira ya ku Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje ya mamita 3,002, n'kuganiza za nkhalango zathu zomwe makala akuzimaliza. Zikatha, zakwathu zidzathawira kuti? Zimandinyansa kuti matumba a makala amatsika phirili masana dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona.

Padziwe tinafika ndithu. Madzi ozizira koopsa, ndinangoviika miyendo.

Langizo langa: valani buluku lalitali ndi masokosi mukamayenda m'mbali mwa mitsinje ya kuno. Ntchentche zakuda zija zili ndi mitundu yoluma anthu, ndipo ndizo zimafalitsa nthenda yoyabwa thupi imene imatha kuwononga maso, yodziwika kwambiri ku Thyolo ndi Mulanje. Imeneyo ndi ya tinyongolotsi, si malungo, ndipo n'chifukwa chake m'midzi ya kuno amagawa mapiritsi a Mectizan chaka ndi chaka. Madala akuti amamwa osaphonya. Kuluma kamodzi sikudwalitsa mlendo wa tsiku limodzi, koma kuyabwa kwake mudzakanda akakolo mpaka kwanu.