Msonkho wa nyumba uli wekha: momwe ndinauduliradulira pamwezi

Ndimakhala ndekha ku Nchalo. Ana anakula, aliyense ali pabanja pake, ndipo bambo akunyumba anatisiya. Anandisiyira nyumba ziwiri: ino ndimagonayi, yomwe ili pa poloti ya lizi, ndi ina ya zipinda zitatu ku Bangwe mu Blantyre, yomwe anamanga akugwira ntchito m'tauni ndipo muli anthu a lendi. Ali moyo, za misonkho ankayendetsa okha. Makalata atayamba kufika m'manja mwanga ndinafuna kudziwa chinthu chimodzi basi: pa ndalama yanga ya penshoni, ndiziika padera zingati mwezi ndi mwezi?

Choyamba ndinayala mapepala onse pamphasa nkuwagawa pawiri, chifukwa ndalamazi sizipita kumodzi. Ya poloti ino ndi ground rent, yomwe munthu wa lizi amapereka chaka ndi chaka ku unduna wa za malo, ndipo mtengo wake umachokera m'chikalata cha lizi chomwecho. Ya nyumba ya ku Bangwe ndi ma city rates, omwe amapita ku khonsolo ya mzinda. Anthu ambiri kuno amaziphatikiza, nkumaganiza kuti akalipira imodzi athana nazo zonse. Ayi ndithu, risiti ya uku siigwira ntchito uko.

Ground rent sinandivute. Chomwe chinandidya mutu ndi ma rates.

Mwana wa achemwali anga amakhala ku Leeds, ndipo pa WhatsApp anandiuza kuti, "Azakhali, kafunseni, mwina akuchotserani popeza muli nokha." Ku England ndi zoona, munthu wamkulu akamakhala yekha m'nyumba amamuchotsera 25 peresenti pa msonkho wa khonsolo, ndipo ambiri amalipira pa miyezi 10, kuyambira Epulo mpaka Januwale. Ndinanyamula funso lomwelo, ndinakwera minibasi m'mawa dzuwa la m'chigwa lisanayambe ukali wake, tinawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, nkukwera zitunda za pa Thabwa zija mpaka m'tauni.

Mnyamata amene ndinamupeza pa ofesi ya khonsolo ya mzinda anandimvetsera bwino, kenako anati, "Mayi, kuno sitiwerenga anthu ogona m'nyumba. Timawerenga mtengo wa malo ndi wa nyumbayo." Ananditsegulira buku la mitengo ya nyumba nkundionetsa nambala ya poloti yathu. Pamenepo pali manambala awiri: mtengo wa malo paokha, ndi mtengo wa zomangidwapo. Khonsolo imaika mlingo wake, matambala angapo pa kwacha iliyonse, nkuchulukitsa ndi mitengo iwiriyo. Nyumba yogonamo ili ndi mlingo wake, ya bizinesi ulinso wina. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 ndi lomwe limapereka mphamvu imeneyi, ndipo limati mitengoyo iziunikidwanso pakatha zaka 5 zilizonse. Buku latsopano likatuluka, mwini nyumba ali ndi ufulu wokaliona ndi kudandaula ngati amuikira mtengo wopyola. Kaya mukhale khumi, kaya ukhale wekha ndi mphaka, bilu ndi yomweyo. Ndipo wolipira ndi mwini nyumba, osati wa lendi.

Ndinapempha zinthu zitatu ndisanachoke: sitetimenti yoonetsa ngongole yonse yakale, mtengo wa chaka chino, ndi masiku amene ndalamayo ikuyenera kukhala italowa. Ndinafunsanso ngati amalandira ndalama pang'onopang'ono, ndipo anati ndikhoza kumaponya mu akaunti ya poloti yanga, bola tsiku lomaliza lisandipeze ndi chotsala. Funsoli mufunse ndithu, chifukwa ngongole ya ma rates imabereka chiwongoladzanja, ndipo ikakhalitsa lamulo limalola khonsolo kugulitsa nyumbayo. Mayina a eni nyumba amene timawaona m'nyuzipepala aja amayamba chonchi, bilu imodzi yoikidwa pansi pa matiresi.

Tsopano masamu. Ndiika manambala ongoyerekezera kuti njira ioneke. Inu muikepo anu.

Tinene kuti ma rates a chaka ndi K120,000, ground rent ndi K24,000. Pamodzi K144,000. Kugawa ndi 12 kukupereka K12,000 pamwezi, ndipo papepala zimaoneka zopepuka. Koma amene amakhala m'chigwa chino akudziwa kuti chaka chathu sichikhala ndi miyezi 12 yofanana. Januwale, Febuluwale ndi Malichi chimanga chimakwera mtengo pa msika, malungo amachuluka, ndipo Shire ndi Mwanza zikasefukira msewu umatha kuduka, monga tinaonera ndi namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Miyezi imeneyo abale a kumidzi ya m'mbali mwa madzi amafikira kwa ine, poti ndili ndi chipinda chopanda munthu. Anthu anga a lendi a ku Bangwe nawonso ndi nthawi yomwe amayamba "mayi tipirireni pang'ono". Pabanja la anthu awiri, wina akapunthwa mnzake amagwirizira. Ine wondigwirizira palibe.

Ndiye ndinachotsa miyezi itatu imeneyo nkugawa ndi 9: K16,000 pamwezi, kuyambira Epulo mpaka Disembala. Zinagwirizananso ndi chaka cha boma, chomwe kuyambira 2022 chimayamba pa 1 Epulo. Ndi nyengo yomwe ndalama imayenda kuno, mzimbe ukudulidwa, a thonje a ku Ngabu akugulitsa, ngakhale mandasi anga a pakhonde amatha msanga.

Pamwamba pa K16,000 ndinawonjezera zinthu ziwiri zomwe bilu siitchula. China ndi thiransipoti yopita ku Blantyre ndi kubwerera, pamodzi ndi ndalama yodulidwa potumiza pa foni. China ndi kachigawo kodikirira kukwera kwa mlingo, chifukwa khonsolo ikapanga bajeti yatsopano siyamba yakufunsa. Ine ndimaika gawo limodzi mwa magawo 10. Ngongole yakale, tinene K90,000, ndinaiwerengera payokha, K10,000 pamwezi pa miyezi 9 yomweyo, ndipo ndiyo ndimayamba kulipira popeza ndiyo ikukula.

Kosunga ndalamayo kunandiganizitsa. Ku banki mkhonde ndili membala, koma kumeneko timagawana mu Disembala, pomwe tsiku la khonsolo silidikira kugawana kwathu. M'nyumba ayi: mdzukulu akabwera ndi nkhani ya fizi, mtima wa agogo suchedwa kufewa. Ndinatsegula nambala yachiwiri ya Mpamba yomwe simu yake imakhala m'Baibulo, ndipo lendi ya ku Bangwe ikangolowa, gawo la msonkho limasamukira kumeneko tsiku lomwelo, ndisanapite ku msika.

Polipira ndimaonetsetsa kuti pa risiti palembedwa nambala ya poloti, osati dzina langa lokha, chifukwa m'mabuku mukadali dzina la malemu. Risitiyo ndimaijambula pa foni nkutumizira mwana wanga wamkulu, yeniyeniyo imalowa mu jumbo nkukhala pamwamba pa kabati pomwe madzi sangafike. Ntchito yomwe yanditsalira ndi yosintha dzinalo, ndipo andiuza kuti ndikapite ndi chiphaso cha imfa pamodzi ndi makalata a chuma cha masiye.