Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Zigamba za atelala a ku Limbe

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene ndinapuma pa ntchito ya uphunzitsi n'kutsala ndi makina a Singer opalasa ndi phazi, amene malemu mayi anga anandisiyira. Makinawo chaka chino sanagone, ndakhala ndikusokera zofunda zolumikiza zigamba.

Zigamba ndimakatola kwa atelala a pakhonde ku Limbe ndi ku Ndirande. Kale ankangondiuza kuti, "Tengani mayi, mwatichotsera zinyalala." Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chitenje chinakwera mtengo, ndipo zinyalala zija tsopano zimagulitsidwa pa jumbo. Sindiwada, nawonso ali ndi ana.

Ndikafika nazo kunyumba ndimayamba ndi machesi. Ndimadula kansonga n'kukayatsa. Nsalu ya thonje imapsa n'kusiya phulusa lofewa, pamene ya poliyesitala imasungunuka n'kuuma kambulu kakuda. Ziwirizi sindizisakaniza, chifukwa ya poliyesitala imaterera pa makina ndipo simbi ya makala ikangotentha pang'ono imaiboola. Kenako ndimachapa, zofiira pazokha, kuti zosuluka zisulukiretu, zofota zifoteretu. Chofunda chimakhala ndi nsalu zitatu: ya pamwamba yolumikiza zigamba, ya pakati yobweretsa kutentha, ndi ya pansi. Pakati ine ndimaika bulangete lopyapyala la pa kaunjika, popeza thonje loyala lija anzathu akunja amagula m'sitolo kuno n'lodula.

Choyamba kumaliza chinali cha mdzukulu wanga amene ali ku sukulu yogonera konko ku Mulanje, kumene chiperoni cha mu Juni sichiseka ndi munthu. Chimenecho ndinachisoka mwachangu, mabokosi okhaokha.

Chimene chinandidyera nthawi ndi cha zitenje za mayi. M'sutikesi mwawo munali cha Mvano, zingapo zakale za ku David Whitehead zimene mpaka pano sizinathe mtundu, ndi china cha nkhope ya Kamuzu chimene ankavala povina ngati mbumba. Achemwali anga anati ndizidule tizidutswa ting'onoting'ono kuti zikwanire zofunda ziwiri, wina chake wina chake. Ndinagwira sizasi, koma pofika pa nkhope ya Ngwazi dzanja linakana. Munthuyo anamwalira mu 1997, koma ife amene tinakula nthawi imeneyo mantha ake sanatichoke m'zala. Ndinaisiya yathunthu pakati, zina zonse n'kuzizunguliza m'mizere ikuluikulu. Achemwali akudikirabe chawo.

Mwezi watha kunali chionetsero cha zofunda zoterezi mu holo ya tchalitchi china kuno ku Blantyre. Zinapachikidwa pa zingwe kuzungulira holo yonse, ndipo pakhomo anatichenjeza kuti tisagwire ndi manja. Osoka anali osakanikirana: amayi a m'magulu a mipingo, azungu okhala kuno, ndi atsikana angapo ophunzira zosoka. Luso linalipo, nsonga zikukumana bwinobwino, msoko wowongoka. Mayi wina anationetsa kampeni kozungulira kodulira nsalu, kamene kamadula zigamba zambiri nthawi imodzi, zonse zofanana. Ndinakasirira, osanama.

Koma ndinene zimene zinandivuta. Zambiri zinatengera mapatani a ku Britain ndi ku America, amene anapangidwira nsalu za timaluwa ting'onoting'ono. Chitenje chathu sichili choncho. Wojambula wake amaika nkhanga yaikulu, duwa lalikulu, mtsuko wathunthu, kuti zioneke munthu akadali patali. Ukachidula m'timakona tatitali ngati chala, nkhanga ija imatsala diso lokha, mitundu n'kumangokangana popanda wopambana. Ndinaima patsogolo pa chofunda china chimene anthu ankachijambula kwambiri, maso anga n'kusowa popumira.

Chimene chinandigwira mtima chinali pakona, pafupi ndi tebulo la tiyi. Anasoka ndi agogo ena a ku Chilobwe, pamanja, ndi ulusi wokhuthala. Anandiuza kuti namondwe wa Freddy atagumula nyumba yawo mu Malichi 2023, ku msasa analandira zovala zimene zambiri sizinkawakwana: mathalauza a jinzi a amuna, malaya a sukulu, siketi yaikulu ya khaki. Anazing'amba m'zigamba zazikulu n'kulumikiza mmene zinabwerera, thumba la thalauza lili pomwepo.

"Tembenuzani, mwana wanga, muone kumbuyo," anatero, osasamala za lamulo la pakhomo lija.

Kumbuyoko kunalibe mfundo yolendewera ngakhale imodzi. Ndinawafunsa kuti anaphunzira kuti. Anati kwa amayi awo ku Thyolo, amene ankagamba zofunda za ana ndi matumba a ufa.

Mzungu wina amene anaima nafe anati chikumukumbutsa amayi akuda a ku Gee's Bend, ku Alabama, amene ankasoka zofunda ndi zovala zakutha za kumunda, mpaka mu 2002 ntchito yawo inapachikidwa m'nyumba zazikulu zoonetsera zaluso ku Houston ndi ku New York. Nditawamasulira, agogo anangoseka n'kufunsa ngati amayi amenewo analipidwa. Funsolo linali m'malo, chifukwa pa chionetsero chathuchi ambiri ankafunsa mtengo, akamva n'kunena kuti bulangete la m'sitolo n'lotchipa, basi n'kumapita. Miyezi ya singano palibe ankaiwerengera.

Panopa ndayamba china. Ndakhala ndikupita ku HHI, pa mishoni ya Blantyre, ndi kope ndi pensulo kukajambula mmene njerwa zinasanjidwira pa tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott ndi amisiri a kuno anamanga kuyambira 1888 mpaka 1891. Nsanja zake ziwiri sizifanana, ndipo chofunda changanso mbali zake sizidzafanana. Chikundisowa ndi nsalu ya thonje yofiirira ngati njerwa yootcha. Telala wina ku Ndirande walonjeza kundisungira zotsala za mayunifolomu a kwaya amene akusoka mwezi uno, ndipo ndamusiyira kale ya jumbo.