Ulendo wa pabasi ku Isle of Man: musalipiretu za Snaefell

Ndangobwerako ku Isle of Man, chilumba cha pakati pa England ndi Ireland, ndiye ndati ndilembe zisanandichoke m'mutu, makamaka kwa inu anzanga okhala kuno ku UK amene mukuganiza zolowa nawo maulendo a gulu aja, okwera basi imodzi kukaona sitima zakale zapanjanji ndi malinga. Chilumbacho ndi chokongola, sindikukana. Koma kampani imene inatitenga ija, ayi ndithu, inandipsetsa mtima.

Za mapepala ndidule. Chilumbachi si gawo la UK, chili ndi nyumba ya malamulo yakeyake yotchedwa Tynwald, koma ngati muli ndi chilolezo chokhala ku UK simufunika viza ina kuti mukacheze. Pasipoti nyamulanibe. Za foni funsiranitu, chifukwa makampani ena amadula ngati mwapita dziko lina.

Basi inatitenga kusanache, n'kumatola anthu tauni ndi tauni mpaka ku doko la Heysham. Kumeneko basi yonse imalowa m'sitima yapamadzi, inu n'kukwera pamwamba. Kukafika ku Douglas, likulu la chilumbacho, ndi pafupifupi maola anayi. Amene munakwerapo Ilala nthawi ya mwera mukudziwa zimene m'mimba mumachita. Mankhwala a chizungulire imwani musanakwere, osati mutagwira kale kathumba.

Tsopano nkhani ya Snaefell. Limeneli ndi phiri lalitali kuposa onse pachilumbapo, mamita 621, ndipo kuyambira 1895 kuli sitima yamagetsi imene imakwera kuchokera kumudzi wa Laxey mpaka pansonga. Amati kukayera bwino, pamwambapo umaona England, Scotland, Wales ndi Ireland uli malo amodzi. Chimenechi n'chimene ndinapitira. Papepala la ulendo analemba ngati zili kale m'kati mwa mtengo, koma tili m'basi wotiyang'anira anayamba kuyenda mpando ndi mpando ndi kabuku, ati za phiri n'zapadera, aliyense alipire lero. Tinalipira. Tikanatani, titafika kale pakati pa ulendo?

Tsiku lotsatira kunacha bwino, dzuwa phwee, phiri likuoneka lonse. Tinapempha kuti tikwere tsiku lomwelo. Ati ayi, ndondomeko imachokera ku ofesi. Theka la tsikulo tinalithera m'sitolo yogulitsa timakapu ndi tinsalu. Kutacha tsiku lenileni la phiri, mvula waa, chifunga mpaka pakhomo la hotela. Ine ndinaimbira ku ofesiko ndekha. Anandiimika pa foni ndikumvera nyimbo mpaka khutu kutentha, kenako mtsikana wina anandiuza mwaulemu kwambiri kuti nyengo si vuto la kampani ndipo ndalama sizibwezedwa. Ndinamuuza kuti mayi, mvula sindikukuimbani nayo mlandu, ndikufunsa za dzulo lija munatitayitsa. Anangobwereza mawu omwewo.

Tinapitabe. Kuchokera ku Douglas kupita ku Laxey mumakwera Manx Electric Railway, imene inayamba mu 1893, ndipo ena tinagwera ngolo yakumbuyo yopanda mawindo, mipando yathabwa itanyowa. Ku Laxey mumasintha. Kukwera phiri ndi pafupifupi theka la ola. Titafika pamwamba, abale, munthu wayima pambali pako osamuona nkhope. Mphepo ikufuna kukuvula jekete. Gulu lonse linathamangira m'kanyumba ka tiyi, magalasi a maso atachita nthunzi, agogo ena akujambula chifunga pawindo kuti akaonetse adzukulu. Eni dziko amaseka, ati ndi mwinjiro wa Manannan, mulungu wawo wakale wapanyanja, amene amabisa nawo chilumba. Ine sizinandiseketse.

Ndiye mverani. Musalipiretu za phiri. Funsani musanasungitse malo ngati pali tsiku lopanda ndondomeko. Ngati lilipo, gulani nokha khadi ya Go Explore, imene mumakwerera sitima zakalezo ndi mabasi, muyang'ane kumwamba m'mawa, kukayera muzipita.

Ndinaiwala za ndalama, ndipo izi zimayamba tsiku lofika. Mapaundi a ku England amalandira paliponse, koma chenji amakupatsani ndalama zawo za Manx, mpaka paundi imodzi yapepala. Mukawoloka nazo, masitolo a kuno amazikana. Lipirani ndi khadi, kapena nenani poyera kuti mukufuna chenji cha ku England.

Chimene chinandibwezera mtima ndi sitima yamalasha yochoka ku Douglas kupita ku Port Erin. Njanji yake inatsegulidwa mu 1874, ulendo ndi pafupifupi ola limodzi, ndipo mitu yake yambiri inapangidwa ku Manchester ndi kampani ya Beyer, Peacock. Ngolo zake ndi tizipinda, chitseko chilichonse chotulukira panja. Mukatsitsa windo ndi lamba wachikopa utsi umalowa, timakala n'kumagwera pamalaya, choncho zoyera siyani ku hotela. Tinatsikira ku Castletown, limene linali likulu lisanasamukire ku Douglas, kukaona Castle Rushen. Masitepe ake ndi opapatiza, ozungulira. Amene mawondo amavuta dikirani pansi.

Ku Laxey komwe kuja kuli gudumu lamadzi lalikulu lofiira, Lady Isabella, la mu 1854, lotalika mamita 22, limene linkapopa madzi m'migodi ya mtovu. Tinalipatsidwa mphindi zochepa, titanyowa kale ndi za phiri zija, wotiyang'anira akuloza wotchi. Kusitolo ya timakapu ndiye kunali nthawi yambirimbiri!

Mukamadutsa pa Fairy Bridge, pamsewu wa ku Castletown, dalaivala amauza basi yonse kuti ipereke moni kwa timizimu ta pamenepo, ati mukapanda kutero tsoka. Azungu akuluakulu onse anakweza manja, osaseka n'komwe.

Musasungitse malo kumapeto kwa Meyi ndi kumayambiriro kwa Juni, ndi nthawi ya mpikisano wa njinga zamoto wa TT, misewu amatseka ndipo mahotela amadzaza. Chenji chija ndikubwerezanso: tsiku lomaliza thirani chikwama chonse patebulo, za Manx zonse mugulire tiyi musanakwere sitima yapamadzi. Ine pamalo opumira mabasi pobwerera ndinapereka yapepala, wogulitsa anaitembenuza uku ndi uku n'kundibwezera.