Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Tsiku limene ndinayenda mkati mwa mng'alu wa dziko

M'gawo lapita lija ndinakusiyani ndili m'kachipinda kanga ku Reykjavík, likulu la dziko la Iceland, ndikuzolowera madzi osamba onunkha ngati dzira lovunda komanso usiku umene unkangotalikira tsiku ndi tsiku. Unali mwezi wa Okutobala 2012, mwezi wachiwiri wa maphunziro athu a zausodzi. Tinalipo ochokera m'mayiko osiyanasiyana a mu Africa ndi ku Asia, ndipo Loweruka lina aphunzitsi athu anatilamula kuti titseke mabuku, tivale zokhuthala, tikaone dziko.

Ndisanafike pa ulendowo, ndinene kaye za malo amodzi amene ndinali nditapitako ndekha. Kudoko lakale la mzindawu kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale za panyanja, ndipo pagombe pake anakocheza chombo cha asilikali olondera nyanja chotchedwa Óðinn. Dziko la Iceland linalimbana ndi Britain katatu konse chifukwa cha nsomba. Mu 1958 anati malire awo ophera nsomba ndi mamailo 12, mu 1972 anawakuza kufika 50, mu 1975 anati 200, ndipo Britain inagonja mu 1976. Chida chawo chachikulu chinali chitsulo chimene ankachikoka m'madzi kumbuyo kwa chombo n'kudula nacho zingwe za makoka a Angelezi. Anthu a dziko lonse la Iceland panthawi imene ndinali kumeneko sankakwana ngakhale theka la anthu a m'boma lathu la Mangochi, koma nsomba zawo anaziteteza ngati mwana wobadwa yekha. Ine mwana wa msodzi ndinatuluka m'chombo chija mtima uli mwaa.

Tsono Loweruka lija basi inayamba yatitengera ku Geysir, kumene kasupe wotchedwa Strokkur amalavula madzi owira m'mwamba mamita 15 kapena 20 pakangotha mphindi zochepa zilizonse. Anzanga ankakuwa ndi kujambula. Inenso ndinajambula, koma maganizo anali pa akasupe otentha a ku Mawira ku Nkhotakota, amene amangotuluka mwakachetechete amayi n'kumachapirapo. Ku mathithi a Gullfoss, kumene mtsinje wa Hvítá umagwa kawiri, mamita 32 onse pamodzi, sitinakhalitse chifukwa mphepo inkaluma makutu. Ndi malo okongola ndithu, ndipo amene mudzapite musadzawaphonye. Koma amene anandigwira mtima ndi malo omaliza, Þingvellir.

Tinatsika basi pamwamba pa chitunda, n'kulowa njira yotsetsereka pakati pa makoma awiri a miyala yakuda. Khoma lakumanzere linali lalitali ngati nyumba yosanjikiza, miyala yake yoyalana mizeremizere ngati wina anachita kumanga, ndere zobiriwira zitamata m'ming'alu. Ndinavula golovesi n'kugwira mwala. Unali wozizira, wonyowa, wokhakhala ngati mphero yosemedwa kumene. Njira imeneyi amaitcha Almannagjá. Aphunzitsi athu, bambo wa imvi amene ankafuna kuti tizingomutchula dzina lake loyamba monga amachitira onse kumeneko (ine pakamwa pankakana, ndinkangoti aphunzitsi), anatiimitsa n'kufotokoza kuti pamene taimapo dziko likung'ambika. Mbali ina ikupita cha ku America, ina cha ku Ulaya, ndipo zimatalikirana pafupifupi masentimita awiri pachaka. Chigwa chonse chapakati chikutitimira, ndipo m'munsi mwake mwadzaza nyanja ya Þingvallavatn.

Kenaka anandiloza ine. Anati iwe wa ku Malawi, izi usazione zachilendo, nyanja yanu inabadwa chonchi.

Zimenezi ndinaziphunzira kusukulu, ndinazilembanso pamayeso. Koma kuziwerenga ndi kwina, kuima mkati mwake ndi kwinanso. Ndinaona m'maso mwanga phiri lotsetsereka la ku Golomoti mmene limagwera kuchigwa, ndi mapiri a ku Chiweta mmene amathera m'madzi. Ndinakumbuka chivomerezi cha ku Salima cha mu 1989, ndili mwana, amayi atatitulutsa m'nyumba usiku, ndiponso cha ku Karonga cha mu Disembala 2009. Kwathu mng'alu ndi wakale ndipo ndi waukulu kwambiri moti munthu umakhalamo osadziwa. Kumeneko ndi waung'ono, wa dzulodzulo, umaugwira ndi dzanja.

Pamalo omwewa ndi pamene panali bwalo lawo lalikulu, Alþingi, kuyambira m'chaka cha 930 mpaka 1798. Chilimwe chilichonse anthu ankabwera pa akavalo kuchokera kumbali zonse za chilumbachi, n'kukhala milungu iwiri akuweruza milandu ndi kupangana malamulo. Poyamba malamulowo sankalembedwa. Panali mkulu mmodzi amene ankaima pa mwala wotchedwa Lögberg n'kumawatchula pamtima, gawo limodzi chaka chino, lina chaka chamawa, mpaka atawamaliza onse m'zaka zitatu. Cha m'chaka cha 1000, pamene anthu anagawanika pakati pa Chikhristu ndi chipembedzo cha makolo, mkulu wa nthawiyo, Þorgeir, anadzifunditsa chikopa usana ndi usiku wathunthu akulingalira, ndipo atadzuka anagamula kuti dziko likhale ndi lamulo limodzi ndi chipembedzo chimodzi. Pa 17 Juni 1944 anasonkhananso pomwepo polengeza kuti achoka m'manja mwa Denmark. Ine zinandikumbutsa za pachilumba cha Mbenji ku Salima, pamene mawu a mfumu amatseka nyanja nyengo ya dzinja asodzi n'kumvera. Ena amati malamulo a pakamwa ndi achikale. Amenewo ndimawatsutsa kufikira lero, chifukwa ndinaona anthu ophunzira akulemekeza mwala umene malamulo otere ankanenedwerapo.

Sikuti zonse za pamalopo n'zokoma. Pali dziwe lina m'mbali mwa njira, Drekkingarhylur, limene ankamiziramo amayi oweruzidwa kuti aphedwe, ambiri pa milandu yokhudza mimba ndi ana. Anthu akumeneko sanabise zimenezi, analemba pachikwangwani. Pamenepo tonse tinadutsa tili chete.

Chimene sindidzaiwala chinatipeza pamtsinje wa Öxará, umene umadutsa pabwaloli n'kukathira m'nyanja. Aphunzitsi anatikodola kuti tibwere msanga koma tisachite phokoso. Madzi ake ndi oyera mbee, mwala uliwonse wapansi ukuoneka, ndipo mmenemo munali nsomba zikuluzikulu za mtundu umene iwo amati urriði, zina zotalika ngati mkono wanga wonse, za mawangamawanga akuda pamsana wagolide. Zinali zitakwera kuchokera m'nyanja kudzaikira mazira. Yaikazi imodzi inkagona chammbali n'kumakupiza mchira pa timiyala, kukumba kadzenje, pamene zazimuna ziwiri za milomo yokhota zinkathamangitsana kumbuyo kwake. Madziwo anali osafika n'komwe m'mawondo. Munthu akanatha kungolowa n'kugwira ndi manja. Anthu anali ataima m'mbali, ana ali pamapewa a makolo awo, akungoonerera, ndipo palibe amene anatola ngakhale mwala.

Misozi inalengeza m'maso mwanga, chifukwa ndinaona mpasa. Mpasa nayonso imachoka m'nyanja n'kukwera mitsinje ngati Bua kukaswa, ndipo ambirife tikudziwa chimene imakumana nacho panjira: maukonde otchinga pakamwa pa mtsinje, mono, nthawi zina ndi katupe amene.

Pobwerera kubasi aphunzitsi anatiuzanso kuti m'nyanja ya Þingvallavatn muli nsomba ina, bleikja, imene inalowamo madzi oundana atasungunuka zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, ndipo lero yagawikana mitundu inayi. Ina imadya nkhono pansi, ina ndi yaing'ono yobisala m'miyala, ina imadya tizilombo toyandama, ina imadya nsomba zinzake. Akatswiri amabwera kuchokera kutali kudzaiphunzira. Ndinawerenga pamtima za kwathu: mbuna za m'miyala, utaka wa pakati pa nyanja, ncheni yodya zinzake, chambo. Mitundu mazanamazana, yochuluka kuposa ya m'nyanja ina iliyonse padziko. Þingvellir analowa m'kaundula wa bungwe la UNESCO wa malo ofunika kwambiri padziko lonse mu 2004, pamene malo otetezedwa a ku Cape Maclear analowamo kale mu 1984. Ine ndinakulira mtunda wochepa kuchokera kumeneko, koma ndinali ndisanaikepo nkhope m'madzi kuti ndione mbuna ikudya pamwala.

Usiku umenewo ndinaimbira foni bambo anga. Anali atangobwera kumene kokonza chilimira. Nditawafotokozera za nsomba zija anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa.

"Ukuti mwana wanga, zimakwera mtsinje masanasana anthu akuona?"

"Ee bambo, masanasana."

"Nanga akuziopa chiyani? Pali mizimu?"

"Iyayi bambo, akuti akudikira kuti ziswe kaye."

Anati agogo anga ankanena zomwezo za mpasa, ndipo anayamba kunditchulira mayina a mitsinje imene ankaiona ikudzaza nsomba ali mnyamata. Anali asanamalize pamene mayunitsi anatha.