Jasi la mvula loonekera mkati: sabata yachitatu, mkono udakali umodzi

Sabata yachitatu tsopano, jasi langa la pulasitiki lidakali ndi mkono umodzi. Ndalipachika pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo agogo akalowa m'chipindamo usiku amadzidzimuka. Akuti likuoneka ngati mzukwa.

Ndinagula mamita anayi a pulasitiki yoonekera mkati, ija timayala patebulo, m'sitolo ina ya nsalu m'tauni. Ndikufuna kuti mvula ya Novembala ikamafika kuno ku Mbare, mu Harare, ndikhale nditamaliza. Zinandikopa ndi zithunzi za Chanel, kampani ya zovala zodula ya ku France. Mu Okutobala 2017, Karl Lagerfeld, wokonza mafashoni wa kampaniyi, anaika mathithi a madzi mkati mwa holo yaikulu ya Grand Palais ku Paris, atsikana n'kumadutsa atavala majasi, zipewa ndi majombo a pulasitiki, zovala zodula zikuoneka bwinobwino mkatimo. Ine maganizo anathamangira ku diresi langa la chitenje limene azakhali ananditumizira kuchokera ku Lilongwe. Nyengo ya dzinja ndikamapita nalo kutchalitchi ndimaliphimba ndi chijasi chakuda cha kumsika wa kaunjika wa Mupedzanhamo, ndiye amaliona ndani?

Lolemba ndinang'amba phewa. Makina ndi Singer ya amayi, yopalasa ndi miyendo, moti magetsi kuzima sikundikhudza. Koma ndinasiya masitichi aafupi ngati ndikusoka bulauzi, tibowo tinayandikana kwambiri, ndipo nditangokoka pang'ono kuti ndione ngati msoko walimba, pulasitiki inatsata mzere womwewo n'kung'ambika ngati tsamba la m'buku la malisiti. Nsalu imakhululuka, ukasula ulusi tibowo timatsekeka tokha. Pulasitiki siiwala. Paliponse padutsa singano pamakhala bowo mpaka kalekale, ndipo poti jasilo n'loonekera mkati, msoko wokhota sungaubise ndi layiningi.

Chinanditonthoza n'choti ngakhale Mary Quant, katswiri wa mafashoni wa ku London, anavutika nazo zomwezi. Anaonetsa zovala zake za pulasitiki ya PVC mu 1963, koma misoko inkang'ambika, pulasitiki inkamatirira pamakina, mpaka panadutsa zaka pafupifupi ziwiri majasiwo asanayambe kugulitsidwa ambiri. Iye anali ndi mafakitale. Ine ndili ndi tebulo lodyera.

Lachitatu ndinanyamula zidutswa kupita nazo kwa telala wina wachikulire wa kumpingo kwathu, amene makolo ake anachokera ku Dedza. Anazitembenuza, anazinunkhiza, kenako anati, "Mwana wanga, ukuisoka ngati nsalu. Talikitsa masitichi, mapini taya uko." Ndinati, "Nanga ndigwira ndi chiyani, bambo?" Analoza mapegi a pachingwe choyanikira zovala. Anandiuzanso kuti ndiziika pepala lopyapyala pamwamba ndi pansi pa pulasitiki kuti iziyenda pansi pa phazi la makina, ndikamaliza ndizilisadzula. Zatheka. Vuto lake tizidutswa ta pepala timatsalira mu ulusi, ndipo ndakhala madzulo awiri ndikutitola ndi chikhadabo. Simbi musayerekeze n'komwe. Makwinya ndimawongola poyala pulasitikiyo padzuwa kanthawi, ikafewa n'kuisalaza ndi dzanja.

M'mphepete monse ndakulunga ndi timizere ta chitenje chachikasu chotsala ku diresi lija. Nzeruyi ndinaiba kwa Mfumukazi Elizabeth II, imene inkanyamula maambulera oonekera mkati a kampani ya Fulton okhala ndi mzere wa m'mphepete wofanana ndi chovala cha tsikulo. Kukongola kwakongola, sindinama. Koma agogo atangoona anafunsa kuti, "Kodi iwe, chitenjechi chikanyowa madzi ake apita kuti?" Ndinalibe yankho. Pakolala ndiye pakundidetsa nkhawa, chifukwa adzatsikira m'khosi.

Dzulo masana ndinaliyesa, mkono umodzi womwewo, ndinazungulira nalo pabwalo. Dzuwa la Okutobala la mu Harare mukulidziwa. Pasanathe mphindi khumi mkati monse munachita nkhungu ya thukuta, diresi losaonekanso, ine ngati buledi wotentha m'jumbo. Ana a pakhomo loyandikana nafe anaseka mpaka kugwa pansi. Ndinakumbukira Zhora wa mu filimu ya Blade Runner ya 1982, akuthawa m'misewu atavala jasi lotereli n'kumaswa magalasi a masitolo. Kaya mayi ameneyo ankapuma bwanji.

Ndiye pafunika potulukira mpweya. Ndiboola tibowo titatu m'khwapa mulimonse, ndipo kumsana ndidula mpata n'kuuphimba ndi kachidutswa kolendewera kuti mvula isalowe. Mawa ndipita kumsika wa Siyaso kukafunafuna timphete tachitsulo tija ta m'mabowo a nsapato. Pulasitiki yatsala theka la mita, yokwana mkono umodzi basi. Ndikauphonyanso, ndichotsa ndi winawo, likhale lofunda pamapewa ngati ena a Chanel aja.